Kodi Boma la Mgwirizano wa Zipani Tingaliyese Bwanji?

Omvera athu, madzulo ano tikambirana za boma la mgwirizano wa zipani, ndiye kuti boma limene zipani ziŵiri kapena zingapo zimagwirana manja kuti zilamulire pamodzi. Funso lathu ndi lakuti: kodi munthu wamba angadziŵe bwanji ngati boma lotere likugwira bwino ntchito yake? Pofuna kuyankha sitipita kutali ayi. Tibwerera ku zaka za 1994 mpaka 1996, pamene ulamuliro wa zipani zambiri m'Malaŵi muno unali ukadali khanda.

Pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994, a Bakili Muluzi anasankhidwa kukhala Pulezidenti, koma chipani chawo cha UDF sichinapeze mphamvu zokwanira m'Nyumba ya Malamulo. Pa mipando 177, UDF inapeza 85, MCP 56, ndipo AFORD ya a Chakufwa Chihana inapeza 36. Kuti boma likhale ndi aphungu opitirira theka, linafunika mipando 89. Mipando inayi yokha ndiyo inapereŵera, komabe popanda iyo zipani zotsutsa zikanatha kukana lamulo lililonse, ngakhale ndondomeko ya chuma imene imalipira aphunzitsi ndi kugula mankhwala m'zipatala. Komanso mavoti anatsata zigawo: UDF inalimba Kummwera, MCP Pakati, ndipo AFORD inatenga mipando yonse ya Kumpoto.

Poyamba AFORD inagwirizana ndi MCP ku mbali yotsutsa. Koma m'mwezi wa Sepitembala 1994 zinthu zinatembenuka. A Chihana analoŵa m'boma monga Wachiŵiri kwa Pulezidenti wachiŵiri, ndiponso nduna yoona za ulimi wothirira ndi madzi, ndipo anzawo ena a AFORD anapatsidwa unduna. Udindo wa a Chihana sunalimo m'malamulo oyendetsera dziko, motero malamulowo anasinthidwa kuti udindowo ukhalepo. Tsono tiyeni tiuike mgwirizano umenewu pa miyeso inayi.

Muyeso woyamba ndi wosavuta: kodi boma linatha kudutsitsa malamulo ake? Apa mgwirizanowu unakhoza. Mipando 85 ndi 36 pamodzi inakwana 121, kupitirira 118 imene inkafunika posintha malamulo oyendetsera dziko. M'chaka cha 1995 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa kotheratu malamulo oyendetsera dziko amene anali ongoyembekezera chiyambire 1994. Chaka chomwecho inavomereza lamulo lolimbana ndi ziphuphu, limene linabala bungwe la Anti-Corruption Bureau, ndiponso lamulo lokonzanso Press Trust, imene inali m'manja mwa Dr. Kamuzu Banda ndi anthu awo. Zoonadi, mutu umodzi susenza denga.

Muyeso wachiŵiri ndi wozama kuposa woyamba: kodi mphamvu zimenezo zinagwira ntchito yotumikira yani? Aphungu ambiri mbali imodzi angathe kumanga, angathenso kugumula. M'chaka chomwecho cha 1995, aphungu anachotsa Gawo 64 la malamulo oyendetsera dziko, limene linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthaŵi yake isanathe ngati sakuwatumikira. Anachita zimenezi ngakhale kuti msonkhano waukulu wokambirana malamuloŵa, umene unachitika ku Lilongwe m'mwezi wa Febuluwale chaka chomwecho, unafuna kuti gawolo lisungidwe. Nalo lamulo la Press Trust linadutsa aphungu a MCP atatuluka m'Nyumba, ndipo nkhaniyo inakathera ku makhoti. Bwalo Lalikulu linakana lamulolo mu 1996, kenaka Bwalo Lalikulu la Apilo linalibwezeretsa mu 1997. Choncho poŵerenga malamulo amene boma ladutsitsa, tiyenera kufunsanso kuti adutsa motani, ndipo apindulira yani.

Muyeso wachitatu ndi umene anthu ambiri amayambira: kodi moyo wasintha? Pano tiyenera kusamala, chifukwa n'kosavuta kutamanda kapena kudzudzula mgwirizano pa zinthu zimene sunachite. Maphunziro aulere a pulayimale anayamba mu 1994, ndipo chiŵerengero cha ana a sukulu chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Koma limeneli linali lonjezo la UDF pa nthaŵi ya kampeni, AFORD isanaloŵe m'boma. Chimodzimodzinso, mu 1995 mitengo ya zinthu inakwera ndi pafupifupi 83 peresenti, ndipo mabanja anamva kuŵaŵa kwenikweni. Komabe zina mwa zifukwa zake zinayamba mgwirizano usanabadwe: Kwacha inasiyidwa kuti iziyandama yokha pa msika mu Febuluwale 1994, ndipo chaka chimenecho kunali chilala. Woyesa mwachilungamo amafunsa kuti: n'chiyani chimene chinachitika chifukwa chakuti zipanizi zinali pamodzi, chimene sichikanachitika chipani chimodzi chili chokha?

Muyeso wachinayi ndi wa kukhalitsa, ndi m'mene mgwirizano umathera. Apa ndi pamene mgwirizano wa UDF ndi AFORD unagwa. Mu Meyi 1996 a Chihana anatula pansi udindo wawo, nanena kuti m'boma munali katangale, ndipo posakhalitsa AFORD inalengeza kuti yatuluka m'boma. Koma nduna zina za AFORD zinakana kutuluka, zinakhalabe pa maudindo awo. Zipani zotsutsa zinati a Muluzi akukopa aphungu awo ndi maunduna, ndipo zinaloza ku Gawo 65, lonena za phungu wosiya chipani chake n'kuloŵa china. MCP ndi AFORD zinanyanyala Nyumba ya Malamulo kwa miyezi yambiri, kufikira m'chaka cha 1997. Mgwirizano umene unapangidwa kuti Nyumba iyende bwino unasiya mbali imodzi ya Nyumbayo ili pululu. Chipani chaching'ono nacho sichinabwererenso pa mphamvu zake zoyamba: AFORD inapeza mipando 29 mu 1999, ndi 6 yokha mu 2004, itagaŵikananso pambuyo pobwerera m'boma la UDF mu 2003.

Nanga tikaphatikiza miyeso inayiyi, tikupeza chiyani? Tikupeza mgwirizano wolimba pa chiŵerengero cha aphungu, koma wofooka pa mfundo. Chimene anthu anachiona poyera chinali kugaŵana maudindo. A Chihana analoŵa m'boma mu 1994, koma pangano lenileni la zipani ziŵirizi linasainidwa mu 1995, patapita miyezi yambiri. Denga linakwera mizati isanalimbe. Mgwirizano ukamangidwa pa mipando ya unduna, aliyense amayang'anira mpando wake, ndipo tsiku la mkangano likafika, ena amasankha mpando m'malo mwa chipani. Koma tisaiŵale kuti dziko limene linali litangotuluka m'zaka makumi atatu za ulamuliro wa munthu mmodzi, komanso logaŵikana m'zigawo pa mavoti, linaoloka zaka ziŵiri zovutazo popanda nkhondo, ndipo mikangano yake inapita kwa oweruza. Chimenecho si chinthu chochepa.

Phunziro limeneli silinakalambe. Chiyambire 2020, pamene makhoti anagamula kuti Pulezidenti ayenera kupeza mavoti opitirira theka, zipani zimafunana kwambiri chisankho chikayandikira. Mgwirizano wa Tonse unapambana mu 2020, koma chipani cha UTM chinatulukamo mu 2024. Choncho inu omvera, atsogoleri akadzaima pa nsanja atagwirana manja, afunseni mafunso aŵa. Kodi pangano lanu linalembedwa, ndipo tingaliŵerenge? Ndi ntchito ziti zimene mwagwirizana kuchita, ndipo zidzatha liti? Mukasemphana maganizo, adzakuyanjanitsani ndani? Nanga wina akafuna kutuluka, nduna ndi aphungu ake adzatani? Atsogoleri amene angayankhe mafunso ameneŵa poyera akupatsani muyeso woti mudzawayesere. Paja akulu anati safunsa anadya phula.