Musayanike mizu ya mankhwala padzuwa la ku Perth

Kumudzi timayanika makaka padzuwa, choncho munthu akakumba turmeric m'dimba lake kuno ku Bentley amachitanso chimodzimodzi. Koma muzu umene mukufuna kuti ukhale mankhwala umatha mphamvu mukauyanika chotero.

M'kuwala kwa dzuwa muli cheza chosaoneka ndi maso chotchedwa UV. Muyeso wake ukafika pa 11 ndiye kuti chafika poopsa, ndipo ku Perth mu Disembala ndi Januwale umapitirira pamenepo kawirikawiri. Chezachi chimaphwanya curcumin, chinthu chimene chimapatsa turmeric mtundu wachikasu, chomwenso anthu amamufunira. N'chifukwa chake ufa wosiyidwa m'botolo loyera pawindo umatuwa. Galasi limatchinga cheza cha UVB, koma cha UVA chambiri chimadutsa.

Chezachi chimaononga pamwamba pokha. Muzu wathunthu umatetezedwa ndi khungu lake, koma mukaudula mopyapyala kapena kuusinja, mbali yaikulu imakhala pamtetete.

Malangizo a bungwe la WHO a 2003 okhudza zomera zamankhwala amatchula kuyanika pamthunzi. Yalani mizuyo pa thandala, pakhonde podutsa mphepo, ndipo muziitembenuza. Ine ndimaopa kwambiri chuku kusiyana ndi dzuwa, chifukwa muzu wosauma bwino ukhoza kukhala ndi poizoni wa aflatoxin yemwe amaononga chiwindi. Ukauma umathyoka, supindika. Pamenepo usungeni m'botolo lakuda, m'kabati.

Ngati mukumwa warfarin, yambani mwafunsa dokotala kapena wa ku famase musanamwe turmeric ngati mankhwala.