Kudikira tebulo ku Orlando, kudikira nsima kwathu

Munthu wofuna kudya m'nyumba yachifumu ya Cinderella ku Magic Kingdom, paki yachisangalalo ya Disney, pafupi ndi mzinda wa Orlando ku Florida, amayamba kukonzekera kutatsala miyezi iwiri. Kampani ya Disney imatsegula kaundula wa malo ake odyera kutatsala masiku 60, ndipo pa intaneti kusungitsa malo kumayamba cha m'ma 6 koloko m'mawa pa nthawi ya ku Florida. Wokhala ku California ndiye kuti adzuke 3 koloko usiku, foni ili m'manja, chifukwa malo otchuka amatha anthu ena asanasukusule n'komwe. Chisanafike chaka cha 2020 masikuwo anali 180. Bambo ankasankha mu Juni kumene ana ake adzadyere nkhomaliro ya tsiku lina la mu Disembala.

Tsiku lija likakwana, banja limafika pakhomo pa lesitilanti nthawi yake, kulembetsa kuti tafika, n'kuuzidwa kuti lidikire meseji pafoni. Pa masiku a chikhamu, monga sabata ya Khirisimasi kapena tchuthi cha sukulu cha mu Julayi, kudikirako kumatha kufika theka la ola, mwinanso kupitirira. Dzuwa likuswa mtengo, mwana wina wagona paphewa, wina akulira njala, agogo akusowa pokhala poti timabenchi ta pakhomo tadzaza ndi anzawo odikira. Amene wasungitsa malo koma osabwera, osadziwitsanso nthawi ikadalipo, amamudula madola 10 pa munthu aliyense kuchokera pa khadi la kubanki limene anapereka. Ku Cinderella's Royal Table, lesitilanti ya m'nyumba yachifumu ija, ndiye amalipiriratu chakudya chonse tsiku losungitsa malolo. Koma lamulo lofanana nalo lolipiritsa lesitilanti ikachedwetsa anthu palibe. Zimenezi sindigwirizana nazo: pangano la nthawi likamamanga mbali imodzi yokha, wofooka ndiye amalirapo.

Komabe kuchedwako sikuchokera ku ulesi, ndipo ndi bwino kumvetsa mmene zimayendera. Munthu akasungitsa malo, sikuti pamakhala tebulo lopanda munthu lomudikira iye. Chimene wapeza ndi ufulu wolandira tebulo loyamba kutsala lokwana gulu lake. Ku Tokyo Disneyland, imene inatsegulidwa mu 1983, amanena poyera kuti dongosolo lawo ndi longokuika patsogolo pa ena. Mpando wokhala wopanda munthu ndi ndalama yotayika, choncho eni malo amawerengera kuti banja limodzi limadya nthawi yaitali bwanji, n'kulemba mabanja motsatizana, lina likamanyamuka lina likhale. Masamu amenewa amayenda bwino anthu akamabwera kudzadya basi. Koma ku malo ngati Chef Mickey's anthu sabwerera chakudya chokha. Anthu ovala ngati zidole za Disney, Mickey, Minnie, Donald, Goofy ndi Pluto, amayenda tebulo ndi tebulo, kukumbatira ana, kujambulitsa nawo, kusaina timabuku. Banja limene lamaliza kudya silingadzuke Mickey asanafike pa tebulo lawo, ndipo palibe weta amene angalithamangitse, chifukwa ndi zimenezo linalipirira. Ku California Grill, pamwamba pa hotela ya Contemporary, anthu amachedwa dala kuti aonere makombola a madzulo ali pompo. Kuyambira Juni mpaka Seputembala mvula ya mabingu imakonda kugwa masana ku Florida, ndipo amene ali m'kati safuna kutuluka. Gulu la anthu asanu ndi atatu limadikira kuti matebulo awiri oyandikana atsale nthawi imodzi. Kuchedwa pang'ono kwa 12 koloko kumanka kuunjikana, pofika madzulo kwasanduka mulu.

Onjezanipo unyinji wa anthu. Magic Kingdom, imene inatsegulidwa pa 1 Okutobala 1971, inalandira alendo oposa 17 miliyoni m'chaka cha 2023. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi tonse tinalipo 17.5 miliyoni. Ndiye kuti pafupifupi mtundu wathunthu umadutsa pa geti limodzi pa chaka, ndipo tsiku lililonse njala imawagwira onse pa maola omwewo.

Chimene chimawawitsa kudikirako n'chakuti nthawi ya m'pakimo ndi yogula. Tiketi ya munthu mmodzi ya tsiku limodzi imaposa madola 100. Kuyambira 2021, wofuna kudumpha mizere italiitali ya tisitima tothamanga ndi zokwera zina amalipiranso zapadera, n'kupatsidwa ola limodzi loti afikire pamalopo. Tebulo likachedwa, ola lija likutha, ndalama ikupsa munthu ali chiimire pakhomo pa lesitilanti. N'zoona kuti Disney imalola kulowa ndi kamba wako, ndipo kuyambira 2017 munthu atha kuitanitsa chakudya chapompopompo pafoni n'kungokatenga. Koma kholo limene lakhala miyezi iwiri likuuza mwana kuti udzadya ndi mwana wamkazi wa mfumu silingabwerere pakhomo n'kukamugulira chipisi.

Ife chikhamu si chachilendo kwa ife. Loweruka lomaliza la Ogasiti, Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakhamukira ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mu Okutobala anthu amadzaza pa Chonde ku Mulanje pa Mulhako wa Alhomwe. Koma kuti tione bwino mmene timadyetsera khamu, tiyang'ane maliro a m'mudzi, amene sapangana tsiku ndi munthu. Uthenga ukangomveka, amayi amayamba kufika pasiwa, wina ndi kambale ka ufa, wina ndi mtolo wa nkhuni pamutu, wina ndi ndowa ya madzi. Kuseri kwa nyumba mafuwa aikidwa kale. Miphika ikuluikulu yabwerekedwa kumpingo kapena kwa amene amaphika thobwa la maukwati. Nsima yake savundula munthu mmodzi: wina agwira mphika ndi chiguduli, wina akuthira ufa, wina waimirira ndi mthiko wofika m'chiuno, thukuta lili kamukamu, akatopa mnzake alandira. Poomola, mitanda imaikidwa m'mabeseni, nyemba ndi kabichi m'mbale zazikulu, ndipo atsikana amanyamula kupita nazo kumene anthu akhala, pansi pa mtengo wa mango, m'mbali mwa nkhokwe, pakhonde la oyandikana nawo. Anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi azungulira beseni limodzi, asamba m'manja, adya, beseni libwerera kukatenga ina.

Kusiyana kwakukulu kuli pamenepa. Ku Orlando munthu amapita kumene kuli chakudya n'kukadikira mpando, ndipo mipando ili ndi chiwerengero chake chosasintha. Kwathu chakudya ndicho chimalondola munthu pamene wakhala, ndipo pansi sipatha. Ndi mmene zililinso pamsewu. Basi ikaima pa Lizulu kapena pa Zalewa, mazira owiritsa, chimanga chootcha ndi nthochi zimabwera zokha pawindo. Pachiwaya munthu amadya chiimirire. M'malesitilanti a mumsika nsima imakhala yophikaphika m'mafulasiki a chakudya, ndiwo zili zitatu kapena zinayi basi, wadya, wasamba, wanyamuka. Palibe amene amagula mpando, choncho palibe amene amaukakamira.

Pali chinanso chimene ndimachikonda pa mwambo wathu. Mlendo wodikira chakudya pakhomo la munthu sasiyidwa chiimire panja. Amamuyalira mphasa, amamulonjera, amamupatsa madzi akumwa, thobwa kapena mtedza wokazinga, nkhuku ikadali kuthamangitsidwa kuseri. Nsima itha kuchedwa maola awiri, koma iye walandiridwa kale. Banja la pakhomo pa lesitilanti ya ku Florida, ndi ndalama zonse zimene lawononga, limakhala lisanalandiridwe mpaka foni italira.

Koma ndikadzitama ndi zimenezi n'kulekera pomwepo ndikhala ndanama. Kwathunso kuli odikira, ndipo ndi omwewomwewo nthawi zonse. Pamaliro adzukulu amadya koyamba, ndipo m'pake, poti akhala akukumba kuyambira mbandakucha. Kenaka mafumu, akuluakulu a mpingo, ndi achibale a m'tauni obwera pa galimoto, amene amalowetsedwa m'nyumba n'kupatsidwa mbale ya nyama. Amayi aja amene maso afiira ndi utsi amadya pamapeto, nthawi zina makoko okhaokha ndi msuzi wotsalira. Ana amangozungulirazungulira kudikira kuti beseni lina libwerere lili ndi kanthu. Paukwati wa m'tauni ndiye zimanyanya. Perekaniperekani amatha masana onse, woyendetsa mwambo akuitana gulu ndi gulu kuti lidzafupe, timabokosi ta mpunga tili m'chipinda chokiya kuopa kuti anthu akadya athawa asanaponye ndalama. M'holomo muli ana amene sanadye chichokere kunyumba m'mawa, muli okalamba odwala shuga amene thupi layamba kunjenjemera. Ukafunsa a komiti ya zakudya, yankho ndi limodzi: zatsala pang'ono. Palibe amene anganene ola.

Kaundula wa pa kompyuta wa ku Orlando sadziwa kuti uyu ndi mfumu, uyu ndi mkazi wamasiye. Amene wafulumira ndiye walemba. Sindikunena kuti alibe tsankho, chifukwa nayenso amadziwa thumba: wogona m'hotela za Disney amaloledwa kusungitsiratu malo a ulendo wake wonse, mpaka masiku khumi, pamene ena akudikira kuti tsiku lililonse likwane masiku 60 ake. Wosadziwa dongosololi, monga mlendo wochokera kutali amene wangofika ndi ana ake, amapeza malo onse otchuka atatha. Koma tsankho lawolo n'lolembedwa, aliyense atha kuliwerenga asananyamuke kwawo. Lathu limachitika ndi diso ndi kunong'onezana kukhitchini.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi malo amene njira ziwirizi zakumana, makamaka kunyanja. Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, komanso pa Khirisimasi ndi pa Chaka Chatsopano, mabasi ndi maminibasi amatsikira ku Senga Bay, ku Mangochi ndi ku Cape Maclear, mchenga osaoneka ndi anthu. Malo ogona ndi odyera a m'mbali mwa nyanja masiku ano amalandira mafoni ndi mauthenga a pa WhatsApp a osungitsa matebulo. Pa tsiku lina lotere tinatengera mayi athu kumalo ena kumeneko, titaimbiratu foni n'kulonjezedwa tebulo la pamthunzi. Tinapeza patakhala gulu lina limene linabwera pa magalimoto akuluakulu, ndipo mtsikana woperekera zakudya anangoyang'ana pansi n'kunena kuti abwana ndi amene anawakhazika. Tinakhala pa mipando yapulasitiki padzuwa. Tinaitanitsa chambo, ndipo nthawi iliyonse imene ankadutsa ankati, "Chikubwera, amayi, pepani." Dzuwa litapendeka ndi pamene anabwera kudzanong'ona kuti chambo chinatha kalekale, atuma mnyamata padoko, kapena tingalandire nkhuku. Mayi athu, amene anali atakana kudya m'mawa kuti adzadye bwino nsomba ya kunyanja, anangoti, "Bweretsa chilichonse, mwanangu." Mtsikanayo ankadziwa chilungamo chiyambire, koma anali atalamulidwa kuti asanene, kuopa kuti makasitomala angapite kwina. Matebulo ena ankamukalipira iye, mwini malo osaoneka.

Pamenepo tinatengera kwa azungu tebulo lowerengeka ndi pepala la zakudya zambirimbiri zophika mbale imodziimodzi, koma kusunga kaundula tinakusiya. Kwa makolo athu tinatengera kukondera akuluakulu, koma thobwa la mlendo wodikira tinalisiya. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo anthu ambiri aphunzira zimenezo: amapita kunyanja ndi mpunga wawo m'mapoto, ndipo eni malesitilanti amadandaula kuti Amalawi sakonda kugula chakudya.

Sindikuona chovuta pa kukonza zimenezi. Mwini malo amadziwa chaka chisanayambe kuti 15 Okutobala idzafika. Tsiku limenelo aphike ngati mmene amaphikira amayi pamwambo, ndiwo ziwiri kapena zitatu m'miphika ikuluikulu, chambo chogulidwiratu m'mawa, mphasa zoyala pamthunzi kuti chakudya chipite kwa anthu. Amene analonjezedwa tebulo alipeze, ngakhale pabwere nduna. Ana ndi okalamba alandire kanthu kogwiriza m'mimba akangofika. A komiti za maukwati nawonso atha kugawa chakudya perekaniperekani asanafike pakati; amene anabwera kudzafupa adzafupabe atakhuta.

Ndipo pali chinthu chimodzi cha ku Orlando choyenera kutengera. Kuyambira 2020, pulogalamu ya pafoni ya Disney imasonyeza munthu amene sanasungitse malo kuti lesitilanti yakutiyakuti ingamulandire pakatha mphindi zingati, kapena kuti yadzaza, asavutike n'kudikira. Nthawi zina imaphonya, koma kholo limatha kusankha lokha kudikira kapena kupita kwina. Ku Senga Bay zimenezi sizifuna kompyuta. Bolodi ndi choko pakhomo n'zokwanira, polembedwa kuti chambo chatsala cha anthu angati ndipo woitanitsa tsopano adya nthawi yanji, ndipo mtsikana woperekera zakudya aloledwe kufufuta n'kulemba zoona nsomba ikatha.