Kulondola Mapazi a Msilikali Amene Anafera ku Nkhondo

Mwa mabanja a ku Mitundu ndi ku Nathenje alipo ena amene amatchulabe dzina la mbale wao amene anapita ku nkhondo ya Azungu osabwerako. Manda ake palibe, ndipo chimene chinatsala ndi mau a agogo akuti, "Anatengedwa ndi a Keyala." Kwa ife Achewa imfa yotere imasautsa mtima koposa, pakuti maliro amatha bwino pamene mtembo waikidwa kumanda a makolo, abale ameta, ndipo pambuyo pake chiliza chamangidwa. M'nkhani ino tifuna kufotokoza njira zimene mbumba ingatsate pofuna kudziwa kumene mwana wao anayenda, ndi kumene anagona.

Poyamba tiyenera kudziwa nkhondo imene munthuyo anapitako. Nkhondo Yoyamba ya pa Dziko Lonse, imene makolo athu ankaitcha nkhondo ya Chiwaya, inafika m'dziko muno mu 1914, ndipo pa 9 September chaka chimenecho kunamenyedwa nkhondo ku Karonga. Amuna pafupifupi 19,000 a m'dziko la Nyasaland analowa m'gulu la King's African Rifles, limene anthu analifupikitsa kuti Keyala, ndipo ena pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga, kusenza katundu wa nkhondo mpaka ku Tanganyika ndi ku Mozambique. Ambiri a iwowa anafa ndi njala, kamwazi, malungo ndi chimfine choopsa cha 1918. Pa Nkhondo Yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945, asilikali athu anamenya ku Somaliland mu 1940, kenaka ku Ethiopia, ku Madagascar mu 1942, ndi ku Burma mu 1944. Choncho ngati agogo akumbukira kuti munthuyo anaoloka nyanja yamchere kupita "ku Bama", tadziwa kale nthawi yake.

Kachiwiri, kufufuza kumayambira pakhomo. Tifunse mwini mbumba, azakhali ndi anyakwawa, ndipo tilembe maina onse amene munthuyo ankadziwika nao: la ubwana, la kudambwe, la ubatizo, la bambo wake ndi mfunda wake. Izi n'zofunika chifukwa kalaliki wa boma ankalemba dzina monga momwe walimvera, ndipo nthawi zambiri ankaphatikiza dzina la munthu ndi la bambo wake, mfunda n'kuusiya. Mabuku a ubatizo a m'mishoni zakale monga Likuni ndi Nkhoma angatithandize kupeza dzina lachikhristu, mudzi ndi maina a makolo.

Kachitatu, tifunefune nambala ya usilikali, pakuti maina amafanana koma nambala ndi ya munthu mmodzi. Ngati banja linasunga mendulo, tiiyang'anitsitse m'mphepete mwake. Mendulo za Nkhondo Yoyamba zinkadindidwa nambala, dzina ndi gulu la mwini wake, pamene za Nkhondo Yachiwiri zambiri zinaperekedwa zopanda dzina. Kalata yakale yochokera kwa Disii, ngakhale yong'ambika, isatayidwe.

Tikapeza dzina ndi nambala, tipite ku kaundula wa bungwe la Commonwealth War Graves Commission, limene limasamala manda a ankhondo a nkhondo ziwirizi. Kaundulayu ali pa intaneti, ndipo amasonyeza gulu la msilikali, tsiku limene anafa, ndi malo amene anaikidwa kapena amene dzina lake linalembedwa. Tiyese kalembedwe kosiyanasiyana, popeza Mzungu ankasinthanitsa "l" ndi "r", ndiponso "c" ndi "ch". Chipilala cha Keyala cha ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, chili ndi maina oposa 1,000 a asilikali amene anafa pa Nkhondo Yoyamba. Amene anafera ku Burma manda ao osapezeka analembedwa pa Rangoon Memorial ku Taukkyan, pamene pali maina pafupifupi 27,000 a mitundu yambiri. Ena ali pa East Africa Memorial ku Nairobi.

Tsiku la imfa likadziwika, tingadziwenso malo. Batalioni iliyonse inkalemba buku la zochitika za tsiku ndi tsiku, ndipo mabuku otere amasungidwa ku The National Archives ku Kew, m'dziko la England. Kawirikawiri satchula dzina la msilikali wamba wachikuda, komabe amatiuza kumene gulu lake linali pa tsikulo, kaya ndi m'chigwa cha Kabaw kapena m'mbali mwa mtsinje wa Chindwin. Ku National Archives of Malawi ku Zomba kuli makalata a boma la atsamunda okhudza kulemba asilikali ndi amtengatenga m'maboma.

Tiyenera kunena zoona kuti mabanja ambiri, makamaka a amtengatenga, sadzalipeza dzina. Mu April 2021 bungwe la manda lija linavomera poyera kuti anthu osachepera 116,000, mwina mpaka 350,000, amene anafa pa Nkhondo Yoyamba, ambiri mwa iwo Aafirika, sanakumbukiridwe ndi maina ao, ndipo linapepesa. Akuluakulu a nthawiyo anaganiza kuti munthu wakuda safunikira manda akeake monga Mzungu. Apa mpamene mau a pakamwa amakhala mboni yaikulu. Katswiri wa mbiri Melvin Page anayenda m'Malawi m'zaka za m'ma 1970 kufunsa okalamba amene anaiona nkhondoyo, ndipo zimene anamva zili m'buku lake la The Chiwaya War, la mu 2000.

Okalamba aja anatha, ndipo ana ao nawonso akutha. N'chifukwa chake tikupempha aphunzitsi, akatekisiti ndi ophunzira athu kuti akapita kutchuthi akakhale pansi ndi agogo, akalembe dzina, mudzi, mfumu ndi chaka. Mwezi wa November, pamene Mpingo umapempherera akufa ndipo dziko limakumbukira ankhondo ake, dzina lopezekalo likhoza kutchulidwa m'tchalitchi ndi pabwalo, ndipo mbumba ikhoza kumanga chiliza chimene chinachedwa zaka zambiri.