Phokoso Latha M'misewu ya Zipika ku British Columbia

Misewu ya m'nkhalango za British Columbia, ku Canada, ndi yamiyala, yopapatiza ndiponso yokhotakhota. Lole yodzaza zipika ikamatsetsereka phiri siima msanga, n'chifukwa chake madalaivala amauzana pa wayilesi ya ova-ova malo amene afika.

Kale zinali chipwirikiti chokhachokha! Makampani odula mitengo anali ndi matchanelo awoawo, moti dalaivala wolowa msewu wachilendo ankachita kufunsa kuti anzake akulankhulira pati. Uyu akukuwa apa, uyo akutchera khutu kwina, mpaka kudzaonana maso ndi maso pakona. Kalankhulidwe nako kanali ndi zake. Wotuluka m'nkhalango ankati "yodzaza", wolowa n'kumati "yopanda katundu". Kwa onyamula zipika zinkamveka ndithu. Nanga thanki yolowa m'nkhalango itadzaza dizilo inene chiyani? Nanga a migodi ndi a gasi, omwe katundu wawo amalowa m'malo motuluka? Munthu ankanena zoona, koma mnzake n'kumva zosiyana.

Unduna wa zankhalango wa chigawochi unagwirizana ndi Industry Canada, yomwe panthawiyo inkayang'anira mafunde a wayilesi, ndipo atayesa njira yatsopano m'madera ngati Vancouver Island anaifalitsa konse. Panopa pali matchanelo 35 a pamsewu, RR-1 mpaka RR-35, ndi ena 5 a pamalo opakirira, LD-1 mpaka LD-5, kuti macheza a opakira zipika asatsekereze mawu a oyenda pamsewu. Wayilesi ukaiika matchanelo amenewa kamodzi, basi. Polowera msewu pali chikwangwani chokuuza tchanelo choti utsegule.

Chondisangalatsa kwambiri ndi kaitanidwe. Za katundu anazisiya. Ngati manambala a makilomita akukwera umati "up", ngati akutsika umati "down". Umatchula dzina la msewu, kilomita yomwe uli, kenako komwe walunjika, monga zalembedwera pachikwangwani chomwe ukudutsa. Ngakhale dalaivala wobwera dzulo amangowerenga, ndipo amene ali makilomita awiri kutsogolo amadziwa kuti apatuke pamalo opatukirana, lole idutse bwinobwino.

Akuluakulu amakumbutsabe kuti wayilesi imangothandiza, siilamulira msewu. Alenje, asodzi ndi mabanja opita kukagona m'matenti amayendanso momwemo, ambiri opanda wayilesi, choncho pakona iliyonse dalaivala amachepetsa liwiro n'kukhala kumanja kwake.