Mbusa wa pa K2 000 ndi nkhani ya chuma

Mukagulitsa nandolo kapena tomato pamsika wa Namadzi, mwa ndalama zomwe mulandire simulephera kupezeka ya K500 kapena ya K2 000. Pandalama ziwirizi pali nkhope ya mbusa John Chilembwe, yemwe mpingo wake wa Providence Industrial Mission (PIM) uli ku Mbombwe m'boma lomweli la Chiradzulu.

Lamulungu likafika, ndalama yomweyo imalowa m'tchalitchi, komwe imakumana ndi maulaliki awiri osiyana.

Kwina akhristu amauzidwa kuti umphawi ndi temberero, ndipo wofuna kulemera adzale mbewu kwa munthu wa Mulungu kuti akolole galimoto ndi nyumba ya malata. Ofunsa mafunso amayankhidwa kuti wa m'kachisi amadya za m'kachisi.

Kwina amauzidwa kuti apirire, chuma n'cha dziko lapansi, mphotho yawo akailandira kumwamba.

Nanga mayi yemwe watsala ndi K2 000 yokha, kunyumba ufa watha, feteleza sanagule, amvere ziti? Mbiri ya mbusa yemwe ali pandalama yakeyo ingamuthandize, chifukwa zambiri zidachitikira pakhomo pomwepa.

Chilembwe adapita ku America mu 1897 ndi mmishonale Joseph Booth ndipo adakaphunzira zaubusa ku Lynchburg m'dera la Virginia. Atabwerako mu 1900 adayambitsa PIM. Dzina la mpingowu likunena lokha kuti pemphero ndi ntchito zamanja zimayendera limodzi.

Iye adatsekula sukulu, adalimbikitsa ulimi ndi ukhondo, ndipo ankafuna kuti anthu ake azivala bwino ndi kusiya mowa. Emma DeLany, mmishonale wachikuda wochokera ku America, ankaphunzitsa amayi kusoka. Mu 1909 Chilembwe adali mmodzi mwa omwe adakhazikitsa Natives Industrial Union, bungwe loti amalonda achikuda azithandizana. Pofika 1913 akhristu ake adali atamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa.

Apa n'zoonekeratu kuti mbusayu sankaona umphawi ngati chizindikiro cha chiyero. Kwa iye kanthu n'khama. Komanso sadalonjeze aliyense ndalama zogwa kumwamba, ndipo mwiniwakeyo adavutika ndi ngongole m'zaka zake zomaliza.

Koma khama lokha silidakwanire, ndipo chifukwa chake chidali ku Magomero, kufupi ndi Namadzi. Kumeneko kudali esiteti yaikulu ya A.L. Bruce, komwe ankalima thonje ndi fodya. Woyang'anira wake adali William Jervis Livingstone, yemwe anthu ankamutchula kuti Listonia.

Ambiri mwa anthu okhala paesitetipo adali Alhomwe othawa nkhanza ndi njala ku Mozambique. Kuti aloledwe kukhala pamalopo ankagwira thangata: mwezi umodzi wolipirira malo, wina wa msonkho wa nyumba. Koma miyeziyo inkatalikitsidwa dala, moti munthu ankatha nyengo ya dzinja akulima munda wa mzungu wake uli thengo. Matchalitchi a udzu omwe akhristu a PIM ankamanga paesitetipo ankatenthedwa.

Anthu amenewa sadali aulesi, ndipo sadali otembereredwa. Ankagwira ntchito kuyambira m'bandakucha, koma thukuta lawo ankadyerera ndi ena. Kuwauza kuti apirire kukadakhala kuthandiza wowadyera masuku pamutu.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, Chilembwe adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. M'kalatamo adadandaula kuti amphawi achikuda, omwe alibe kanthu, ndiwo akufera nkhondo yomwe sakuidziwa n'kusiya amasiye, m'malo moti eni chuma, eni mabanki ndi eni minda apite okha.

Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake adaukira, ndipo Livingstone adaphedwa m'nyumba mwake ku Magomero. Boma lachitsamunda lidabwezera mwankhanza. Chilembwe adawomberedwa pa 3 Febuluwale, tchalitchi cha njerwa chija chidagumulidwa, ndipo PIM idatsekedwa mpaka 1926 pomwe Dr Daniel Malikebu adadzaitsekulanso.

Akhristu mpaka lero amasiyana maganizo ngati kudali koyenera kuti mbusa atenge zida. Koma pali mfundo ina yomwe ambiri saikumbukira. Mwa omwe adaphedwa ndi boma mudali John Gray Kufa, mkulu wa mpingo wa Blantyre Mission yemwe ankagwira ntchito yachipatala ku Magomero, ndi Duncan Njilima, wamalonda wodziwika. Awa adali anthu opeza bwino, a minda yawoyawo. Chuma chawo sichidawatseke maso kuti asaone ozunzika.

Patapita zaka 77 mpingo udayankhulanso chimodzimodzi, ulendo uno popanda mkondo. Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi a Katolika mudawerengedwa kalata ya maepiskopi yomwe, mwa zina, idadzudzula kukula kwa mpata pakati pa olemera ndi osauka komanso malipiro ochepa a antchito. Boma la nthawiyo lidati kalatayo ndi youkira, koma chaka chotsatira Amalawi adavotera ndale za zipani zambiri.

Choncho funso lomwe dera lino lidaphunzitsa dziko si lakuti mkhristu alemere kapena asauke. Funso n'lakuti chumacho chabwera bwanji, ndipo chikudyetsa ndani.

Funsoli likukhudza wavenda yemwe Loweruka amabera mlimi pasikelo, Lamulungu n'kukhala kutsogolo popereka chakhumi. Likukhudza banja lomwe limasunga mwana wantchito osamutumiza kusukulu, ndi wakatapila yemwe amalanda mbuzi ya mayi wamasiye. Likukhudzanso mlaliki yemwe amalandira ndalama yomaliza ya wodwala n'kumuuza kuti akapanda kuchira ndiye kuti chikhulupiriro chake n'choperewera.

Kupereka kumpingo si kulakwa. Tchalitchi cha ku Mbombwe chija chidamangidwa ndi manja a anthu osauka omwe. Koma mayi wa K2 000 uja ali ndi ufulu wofunsa kuti chopereka chake chikukagwira ntchito yanji, ndiponso ngati mpingowo udzabwera pakhomo pake tsiku lomwe ana ake adzagone ndi njala.