Madotolo Akacepa, Cipatala Cimatsimphina

Pa Chinyunyu, m'dziko la Mfumu Bunda Bunda m'boma la Rufunsa, pamadziwika ndi madzi otentha otumphuka pansi m'mbali mwa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata. Apaulendo amaima kuti aone cozizwitsaco. Koma eni dziko nkhawa yao ili pena: mai wapakati akavutika usiku, kodi dotolo apezeka pa nthawi yake?

Pa zipatala zing'onozing'ono za kumidzi, monga ca pa Chinyunyu, odwala amalandiridwa ndi anamwino, azamba ndi othandiza madotolo. Iwo amapima malungo, amatemera ana ndi kubereketsa amai. Koma mwana akapingasa m'mimba, kapena magazi akakana kuleka, pamafunika opaleshoni. Pamenepo wodwala amatumizidwa ku cipatala cacikulu, monga ca mishoni ca St Luke's ku Mpanshya kapena ca boma ku Chongwe, ndipo matenda akakula amapitirira ku UTH mu Lusaka.

Kufika pa cipatala cacikulu sikuti mavuto atha. Kumene kuli dotolo mmodzi yekha, iye yemweyo ayenera kuyendera ogonekedwa m'mawa, kuona ofika kumene masana, kucita opaleshoni, ndiponso kudzutsidwa pakati pa usiku. Galimoto ikagubuduka pa mseu iye ali mkati mwa opaleshoni, ovulala amayembekeza. Wocira amacedwa kutulutsidwa popeza palibe womuona, motero bedi silipezeka kwa wodwala watsopano. Amene akanathandizidwa pompo amatumizidwa kutali. Ambulansi imatha mafuta, ndipo ikacoka, wina wofuna thandizo amasowa comunyamula. Dotolo wosagona nayenso ndi munthu, maso ake akhoza kuphonya cizindikiro. Kumene kuli madotolo atatu kapena anai amalandizana nchito, amafunsana nzeru, ndipo amapeza mpata wophunzitsa anamwino ndi kuyendera zipatala za kumidzi. Akulu anati mutu umodzi susenza denga.

Vuto limeneli silinayambe lero. Pamene dziko la Zambia linalandira ufulu mu 1964, madotolo obadwira muno anali owerengeka. Mu 1965 Dr James Lawless anayambitsa gulu la madotolo oyenda pa ndege kuti afike ku malo akutali. Sukulu ya udotolo pa Yunivesite ya Zambia inakhazikitsidwa mu 1966, ndipo oyamba kutsiriza maphunziro anatuluka mu 1973. Koma ambiri mwa ophunzira anakonda kukhala m'mizinda, ena anapita kunja kwa dziko.

Pofuna kutseka mpata umenewu, mu 2002 sukulu ya Chainama inayamba kuonjezera maphunziro a othandiza madotolo kuti azitha kucita opaleshoni ya amai olephera kubereka. Mu 2003 boma linayamba kupatsa ndalama zapadera madotolo olola kugwira nchito kumidzi. Mu 2011 sukulu ina ya udotolo inatsegulidwa ku Ndola, ndipo mu 2022 boma linalemba anchito a zaumoyo oposa 11,000.

Kulemba dotolo nkwina, kumusunga kumudzi nkwina. Iye amafuna nyumba yabwino, madzi, magetsi, sukulu ya ana ake, ndiponso mankhwala ndi zipangizo zogwirira nchito. Zimenezi zikasowa, amapempha kusamutsidwa. Nkofunika tsono kuti makomiti a zaumoyo, anyakwawa ndi makhansala azikambapo pa misonkhano ya citukuko ca dera lao.

Nao anthu a m'midzi ali ndi mbali yao. Amai apakati ayambe sikelo msanga, kuti amene adzafuna dotolo adziwike mwezi wao usanakwane. Akauzidwa kukadikirira pafupi ndi cipatala cacikulu, amuna ao akonzeretu ndalama ya ulendo ndi kamba. Wodwala wofika msanga amapatsa dotolo nthawi yomupulumutsa.