Chana Chaat, Tchana wa Tsabola wa ku India

Chana chaat ndi chakudya cha kumpoto kwa India ndi ku Pakistan chimene amachikonza posakaniza tchana wowiritsa ndi anyezi, tomato, tsabola wamuwisi, madzi a mandimu ndi zokometsera zopera. Si ndiwo, ndipo sichidyedwa chotentha. Anthu amachidya pachokha, makamaka chakumadzulo, ataimirira pambali pa ngolo ya wogulitsa. Ku Chandni Chowk, mumzinda wakale wa Delhi, komanso ku Lucknow ndi ku Varanasi, ogulitsa ena amachiikabe m'timbale ta masamba ouma olumikizidwa ndi timitengo. M'mwezi wa Ramadan chimapezeka m'mabanja ambiri a Chisilamu pa nthawi yomasula kusala kudya, pamodzi ndi zipatso za kanjedza ndi samusa.

Tchana ndi imodzi mwa mbewu zakale kwambiri zomwe anthu anayamba kulima. Anayambira kudera lomwe lero ndi kum'mwera chakum'mawa kwa Turkey ndi kumpoto kwa Syria zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, ndipo kholo lake la kutchire limamerabe kumeneko. Lero dziko la India ndilo limakolola tchana wambiri kuposa mayiko ena onse kuwaphatikiza, makamaka m'zigawo za Madhya Pradesh, Maharashtra ndi Rajasthan. Alimi amabzala mu Okutobala kapena Novembala mvula itatha, mbewuyo n'kumakula ndi chinyezi chotsala m'nthaka, ndipo amakolola kuyambira mu Febuluwale mpaka Epulo. Alimi a kum'mwera kwa Malawi amene amalima tchana amadaliranso chinyezi chotsala chomwechi.

Tchana alipo wa mitundu iwiri. Wa desi, amene amamutchulanso kala chana, ndi wamng'ono, woderako, wa khungu lolimba. Wa kabuli ndi wamkulu, woyererako, wa khungu lopyapyala. Onse awiri amapanga chaat, koma sapanga chaat yofanana. Wa kabuli amafewa msanga ndipo amamwa msuzi mosavuta. Wa desi amachedwa kupsa, koma saphwanyika, amatafunika, ndipo fungo lake ndi lamphamvu moti silimira mu tsabola. Pa chakudya chodyedwa chozizira, wa desi ndiye woyenera kwambiri, ngakhale amafuna nkhuni zambiri.

Zina mwa zinthu zimene zili m'mbalemo zinafika ku India pa nthawi zosiyana. Tsabola wowawa, tomato ndi mbatatesi ndi mbewu za ku America. Tsabola anabwera ndi Apwitikizi, amene anafika ku Calicut ndi Vasco da Gama mu 1498 n'kulanda Goa mu 1510. Izi zisanachitike, ophika a ku India ankadalira tsabola wakuda ndi jinja pofuna chakudya choyabwa pakamwa. Bwemba, amene amapereka kuwawasa kwa msuzi wake, ndi mtengo wa kuno ku Africa womwe unawoloka nyanja kalekale. Ku Delhi kuli nthano yakuti chaat inayamba m'masiku a mfumu Shah Jahan, sing'anga wa kunyumba yachifumu atalangiza anthu kudya zakudya za tsabola wambiri poopa madzi a mtsinje wa Yamuna. Imeneyo ndi nthano ya ogulitsa ndi makasitomala awo, koma ikusonyeza mmene anthu a mumzindawo amachikondera chakudyachi.

Ntchito yokonza chana chaat panyumba imayamba dzulo lake. Kapu imodzi ya tchana wouma imakwanira anthu anayi. Wophika amasankha timiyala ndi njere zofumbwa, amatsuka, kenako amanyika tchanayo m'madzi ochuluka kwa maola 8 mpaka 12. Njere zimatupa kuposa kawiri, choncho mbale yonyikira iyenera kukhala yaikulu. Madzi onyikirawo amatayidwa, chifukwa amatenga gawo lina la zinthu zimene zimadzaza mpweya m'mimba.

Kuwiritsa ndiye pagona zonse. Tchana wosapsa bwino amakhala wolimba pakati ndipo samva mchere, pamene wopsetsa amasanduka phala akangomutakasa. Wopsa bwino ndi amene amaphwanyika akamufinya ndi zala ziwiri, koma mumphika ali wathunthu. Pa moto wa makala, wa kabuli amatenga ola limodzi kapena ola ndi theka, wa desi kupitirira pamenepo. M'makhitchini ambiri a ku India amagwiritsa ntchito mphika wotsekeka wophika ndi nthunzi, ndipo amayi sawerenga mphindi koma kulira kwa wezulo ya mphikawo. Mchere umathiridwa powiritsa kuti ulowe mpaka m'kati mwa njere. Chimene sichiloledwa mumphika ndi chowawasa chilichonse. Mandimu, bwemba kapena tomato zikalowa tchana asanapse, njere zimauma mtima ndipo zimachedwa kwambiri kufewa. Ena amathira kasoda pang'ono kuti afewe msanga. Njira imeneyi ndi yabwino pophika tchana wa msuzi, koma pa chaat imasenda makungu ndi kuphwanya njere, choncho ndi bwino kungopirira.

Akapsa, amakhetsa madzi. Tchana akadali wofunda amamuthira theka la madzi a ndimu ndi zokometsera pang'ono, chifukwa njere yofunda imamwa zimene yozizira imangozisiya pakhungu. Kenako amamusiya kuti azizire.

Chimene chimasiyanitsa chaat ndi saladi wina aliyense ndi ufa wotchedwa chaat masala. Umagulitsidwa m'timabokosi m'masitolo a zokometsera, koma mabanja ambiri amapera okha. Maziko ake ndi zinthu zitatu. Choyamba ndi amchur, mango osapsa odulidwa, kuyanikidwa padzuwa ndi kusinjidwa, amene amawawasa popanda kunyowetsa chakudya. Chachiwiri ndi njere za jeera (cumin), zimene amazikazinga pachiwaya chouma mpaka zitaderako ndi kuyamba kununkhira, asanazisinje. Zikapserera zimawawa, ndipo palibe chozikonzanso. Chachitatu ndi kala namak, mchere wa mwala umene amauotcha mu ng'anjo pamodzi ndi zitsamba mpaka utada. Ukaperedwa umaoneka wofiirira, ndipo umanunkha ngati dzira lowiritsa chifukwa cha sulufule amene ali m'menemo. Amene akuununkhiza koyamba amaganiza kuti wawonongeka, koma ukakumana ndi mandimu ndi anyezi fungolo limachepa n'kusiya kakomedwe kamene mchere wamba sungapereke. Pa zitatuzi amawonjezera njere za dhania (coriander), tsabola wakuda, jinja wouma, tsabola wofiira wopera ndi hing wochepa kwambiri, utomoni wa fungo lamphamvu wochokera ku Afghanistan ndi Iran.

Misuzi yake ndi iwiri. Wa bwemba amaukonza ponyika bwemba m'madzi otentha, kumufinya, kusefa njere ndi ulusi, kenako kuwiritsa madziwo ndi gur, shuga wa nzimbe wosayengedwa, mpaka atalemera pang'ono. Wobiriwira saphikidwa. Ndi masamba a dhania ndi a pudina (mint) osinjidwa ndi tsabola wamuwisi, mchere ndi mandimu. Chana chaat yosavuta imatheka ndi mandimu okha, koma supuni ziwiri za msuzi wa bwemba zimabweretsa kutsekemera kumene kumaziziritsa ukali wa tsabola.

Pa kapu ija ya tchana pamafunika anyezi mmodzi wofiira, tomato muwiri wolimba, mbatatesi imodzi yowiritsa, tsabola wamuwisi mmodzi kapena awiri, ndi masamba a dhania odzaza dzanja. Ena amawonjezera nkhaka kapena mango osapsa. Zonse amazidula tizidutswa tosaposa njere ya tchana, kuti supuni iliyonse inyamule pang'ono pa chilichonse. Njere za tomato ndi madzi ake amazichotsa. Anyezi akakhala waukali kwambiri, amamunyika m'madzi ozizira kwa mphindi 10.

Kusakaniza kumachitika odya atakhala kale pansi. Mchere ndi mandimu zimakoka madzi m'masamba, moti chaat yosakanizidwa ola lathunthu isanadyedwe imakhala yamadzimadzi ndi yolefuka. N'chifukwa chake wogulitsa wa mumsewu amasunga chilichonse m'mbale yakeyake n'kumasakaniza mbale imodzi imodzi, atafunsa kasitomala kuchuluka kwa tsabola amene akufuna. Panyumba njira ndi yomweyo. Wophika amathira supuni zazing'ono ziwiri za chaat masala, msuzi wa bwemba ndi madzi a ndimu otsala, amatakasa mofatsa, amalawa, n'kukonza. Kuwawasa kuyenera kumveka poyamba, mchere ndi kutsekemera pambuyo pake, tsabola n'kutsalira pa lilime. Pamwamba amawaza sev, timizere tokazinga ta ufa wa tchana yemweyo, kapena mtedza wokazinga, kuti pakhale cholira pa mano. Ena amathira yogati wozizira, makamaka nyengo yotentha.

Ngakhale ndi chakudya cha mumsewu, chana chaat ndi yopatsa thanzi. Magalamu 100 a tchana wowiritsa amakhala ndi magalamu pafupifupi 9 a zomanga thupi, ndipo vitamini C wa m'mandimu ndi tomato amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'njerezo. Izi n'zofunika m'dziko limene anthu mamiliyoni ambiri sadya nyama.

Kum'mwera kwa India tchana wowiritsa amakonzedwa mwa njira ina. Ku Tamil Nadu amamukazinga pang'ono m'mafuta ndi njere za mpiru, masamba a curry ndi tsabola wouma, n'kuwaza kokonati wopala. Chakudyachi chimatchedwa sundal, ndipo chimagawidwa kwa alendo pa chikondwerero cha Navaratri, komanso chimagulitsidwa m'timapepala topinda ku gombe la Marina mumzinda wa Chennai. Kumpoto, pa tsiku lachisanu ndi chitatu la chikondwerero chomwecho, mabanja achihindu amaphika kala chana wouma wopanda anyezi ndi adyo, n'kupatsa ana aakazi aang'ono pamodzi ndi mkate wokazinga wa puri ndi chotsekemera cha halwa.